Stout yakuda ya pa Khirisimasi: yankho kwa achimwene a ku Leeds

Kalata ya lero inafika pa imelo kuchokera kwa achimwene ena amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds. Dzina ndabisa monga mwa nthawi zonse, ndipo kalatayo ndaifupikitsa pang'ono.

"Ino ndi Khirisimasi yanga yoyamba kuno. Paphwando la kuntchito mnzanga wina wachingelezi anandipatsa mabotolo awiri a 330ml a mowa wakuda bii, olembedwa kuti imperial stout, 11%. Ndinawaika mufiriji, ndipo Loweruka usiku ndinatsegula limodzi n'kumwera m'botolo momwemo monga timachitira ndi Green kwathu. Achimwene, kuwawa kwake! Kumangomveka kupserera, ndipo ndisanamalize n'komwe mutu unayamba kuzungulira. Mnzangayo akuti ndi mowa wapamwamba, anaugula modula. Kodi ndi lilime langa losazolowera, kapena mowawo ndi wowonongeka? Botolo lachiwiri ndilitani? Komanso kwathu amati stout imawonjezera magazi, ndipo kuno akuti imatenthetsa thupi pachisanu. Zoona zake ndi ziti?"

Achimwene, zikomo polemba. Mowawo sunawonongeke, ndipo lilime lanu lilibe mlandu. Munangoumwa mwa njira ya mowa wina. Green amafuna kuzizira ndi ludzu, pamene uyu amafuna tambula, mpando ndi ola lathunthu. Botolo lachiwirilo musalitsegule kaye.

Tiyambire pa nambala ija, 11%, chifukwa ndi imene inakuzunguzani mutu. Mowa wa m'mabotolo umene ambiri tinazolowera umakhala pafupifupi 5%. Vinyo wa patebulo amakhala pa 12 kapena 13%. Ndiye kabotolo kanuko, ngakhale kakuoneka ngati ka mowa wamba, mphamvu yake ili pafupi ndi ya vinyo. Kuno ku Britain amawerengera mowa m'ma unit, ndipo unit imodzi ndi 10ml ya alcohol weniweni. Botolo la 330ml la 11% lili ndi ma unit 3.6, pamene botolo lofanana nalo la 5% silikwana n'komwe 1.7. Munamwa mabotolo awiri ndi kanthu pa nthawi ya limodzi. A NHS, bungwe la zaumoyo la boma kuno, amalangiza kuti munthu asapitirire ma unit 14 pa sabata, kotero mabotolo 4 a 11% atha kale sabata yonse.

Koma musaganize kuti kudako ndiko kumasonyeza mphamvu. Ambiri amanamizika pamenepa. Guinness ya pampopi imene mumaiona m'mabala a kuno, yathovu loyera pamwamba ija, ndi pafupifupi 4% basi, yofooka kuposa mowa wambiri wowala. Mphamvu ya mowa imachokera ku kuchuluka kwa shuga amene yisiti wadya, ndipo shugayo amatuluka m'chimera cha balere choyera, chosakazinga. Wofulula akafuna mowa wa 11% amathira chimera chochuluka m'madzi ochepa, kuwirikiza kawiri kapena kuposa pa cha mowa wamba. Yisiti satha kudya shuga yense, ndipo wotsalayo ndi amene amalemeretsa mowawo pakamwa. Kuda kumachokera kwina, ku kagawo kochepa ka balere wokazinga, mwina gawo limodzi pa magawo 10 kapena kuposerapo pang'ono. Mowa ukhoza kukhala wakuda koma wopepuka, ukhozanso kukhala wowala koma wogwetsa munthu wamkulu. Pogula muziyang'ana nambala ili pachizindikiro.

Balere wodetsa mowayo amamukazinga m'mgolo wachitsulo wozungulira, pa kutentha kopitirira madigiri 200, ndipo wokazingayo sachoka pamalo chifukwa akachedwa pang'ono zonse zasanduka makala. Mukuzidziwa nkhoko za nsima. Zikapsa bwino n'kufiira, ana amalimbirana. Zikapitirira pang'ono zimayamba kuwawa, koma kafungo kokoma kaja kamakhalapobe pansi pa kuwawako. Stout yabwino imaima pamalire amenewo mwadala. Khofi ndi koko nazonso zimakazingidwa, ndipo moto umatulutsa mafungo ofanana m'mbewu zonsezi. N'chifukwa chake anthu amamva khofi ndi chokoleti mu stout ngakhale wofulula sanathiremo chilichonse cha izo.

Mowa wamtunduwu kwawo ndi ku London. M'zaka za m'ma 1720 kunatchuka mowa wotchedwa porter, wokondedwa ndi anthu onyamula katundu m'misewu ndi padoko, ndipo porter wamphamvu kwambiri ndi amene anadzakhala stout. Poyamba ankaufulula ndi chimera chofiirira choumitsa pamoto wa nkhuni. Ofulula atayamba kugwiritsa ntchito kachipangizo koyezera shuga kotchedwa hydrometer, anazindikira kuti chimera choyera chimatulutsa shuga wambiri pa ndalama yomweyo. Koma makasitomala ankafunabe mowa wawo wakuda. Ena anayamba kudetsa ndi shuga wopsereza, mpaka boma linaletsa mu 1816. Chaka chotsatira, mu 1817, Daniel Wheeler analembetsa ku boma njira yake yokazingira chimera m'mgolo wozungulira, ndipo chimera chochepa chabe chokazinga motero chinkadetsa mowa wonse. Kupserera kumene kunakudabwitsani Loweruka kuja kunayambira pamenepo.

Wanuyo, imperial, ali ndi mbiri yapamadzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ofulula a ku London ankatumiza porter wamphamvu kwambiri pa sitima kupita ku mayiko a m'mbali mwa nyanja ya Baltic ndi ku St Petersburg, kumene ankamwedwa mpaka kunyumba yachifumu m'nthawi ya Catherine the Great, amene analamulira Russia kuyambira 1762 mpaka 1796. Malo ofululira otchuka pa malondawa anali a Henry Thrale ku Southwark, amene Barclay ndi Perkins anawagula mu 1781. Alcohol wambiri ndi hops wambiri (maluwa owawa amene amathira pofulula) zimateteza mowa kuti usasase paulendo wautali, ndipo ogula a kumenekowo ankaukonda wotero.

Nthambi ina ya banja lomweli ndi imene inafika kwathu ku Africa. Arthur Guinness anachita lendi malo a St James's Gate ku Dublin mu 1759, pa mgwirizano wa zaka 9,000 ndi mapaundi 45 pachaka. Mu 1801 kampaniyo inafulula porter wamphamvu wotumiza ku West Indies, ndipo mdzukulu wake ndi Foreign Extra Stout ya 7.5% imene ilipo mpaka lero. Mu 1962 anamanga fakitale ku Ikeja, ku Lagos, yoyamba kuimanga kunja kwa Ireland ndi Britain. Boma la Nigeria litaletsa kuitanitsa chimera cha balere kunja m'zaka za m'ma 1980, ofulula a kumeneko anatembenukira ku mapira, ndipo Guinness ya ku Nigeria ili ndi kukoma kwakekwake chifukwa cha zimenezo. Ku South Africa kuli Castle Milk Stout ya 6%, imene achimwene athu a ku Joni amaidziwa bwino. Kwathu, Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo pambali pa Green ndi Special panali Stout. Kampaniyo inadzapita m'manja mwa Castel mu 2016. Choncho simuli mlendo weniweni kwa mowa wakuda. Ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti stout ndi ya pachisanu pokha sanaone mmene anthu a ku Lagos amaimwera dzuwa likuswa mtengo.

Komabe ya 11% iyi ili ndi nyengo yake, ndipo chifukwa chake mwachiona kale pawindo lanu. Ku Leeds, masiku oyandikira 21 Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, usana wonse sukwana maola 8. Anthu amakhala m'nyumba, amadya zamafuta ndi zotsekemera, palibe amene ali ndi ludzu lofuna mabotolo ambiri. Mowa woti munthu akhale nawo usiku wonse pa tambula imodzi umagwirizana ndi moyo umenewo. Ofulula akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake ambiri amatulutsa ma stout awo amphamvu mu Novembala ndi Disembala. Ku Chicago, kampani ya Goose Island imatulutsa Bourbon County Stout yake tsiku lotsatana ndi Thanksgiving, chikondwerero cha ku America cha kumapeto kwa Novembala, ndipo anthu amaima pamzere pachisanu kudikira sitolo itsegulidwe. Ine pamzere wa mowa sindingaime, koma zikusonyeza kuti mnzanu uja sanakupatseni chinthu chongotola.

Tsopano botolo lachiwiri lija. Choyamba, litulutseni mufiriji. Firiji imakhala pa madigiri 4 kapena 5, pamene mowa uwu umatseguka pa madigiri 10 mpaka 13. Kuzizira kumatsekera fungo m'mowa ndipo kumagonetsa kutsekemera palilime, ndiye chimatsala ndi kuwawa kokha. Loweruka munamva gawo limodzi lokha la mowawo, lomwenso ndi lovuta kwambiri. Ife tinakula tikuitanitsa "yozizira bwino" chifukwa Khirisimasi yathu ndi ya thukuta ndi mvula, ndipo mowa wowala unapangidwira kuzizirako. Musachite manyazi ndi chizolowezicho, koma pa botolo ili chisiyeni. Liikeni patebulo kwa mphindi 30 kapena 40 musanatsegule. Ngati muli ndi kabati yozizira kufupi ndi khomo, kapena kachipinda kopanda chotenthetsera, lisungeni mmenemo, firiji osaifuna n'komwe. Koma osaliika pa radiator kuti lifunde msanga, chifukwa likatentha kwambiri alcohol ndi amene amayamba kulasa m'mphuno.

Tengani tambula ya vinyo, ya mimba yotakata ndi pakamwa popapatiza. Muitsukuluze bwino, chifukwa sopo wotsalira ndi mafuta zimapha thovu. Pendeketsani tambula poyamba, kenako muimike chilili kuti thovu libwere. Thovu lake silikhala loyera. Limakhala lofiirira, ndipo mwina lochepa n'kutha msanga. Zimenezo n'zachibadwa pa mowa wamphamvu, popeza alcohol wambiri amagwetsa thovu. Thovu losalala la Guinness ya pampopi lija limachokera ku mpweya wa nitrogen, njira imene Michael Ash anaikonza ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1959, ndiye musalifune m'botolo lanu. Thirani theka la tambula basi, kuti fungo lipeze malo. Ngati pali mnzanu pakhomopo, mugawane botolo limodzi awiri. Si umbombo ayi. M'mabala a kuno mowa wotere amaugulitsa pa gawo limodzi la magawo atatu a pint, lomwe ndi 189ml, ndipo palibe amene amadandaula.

Musanamwe, kwezani tambula moyang'anizana ndi nyale. M'mbali mwake, pamene mowa wapyapyala, mudzaona kufiira. Ukakhala wakuda mpaka m'mbali, dziwani kuti ndi wolemera zedi. Zungulitsani pang'ono muone mmene ukutsikira mochedwa pagalasi. Kenako nunkhizani, koma mwachidule, kawiri kapena katatu, osalowetsa mphuno yonse n'kukoka mpweya mwamphamvu. Zambiri zimene timati kukoma zimadutsa m'mphuno, ndipo pakamwa pa botolo mphuno sifikapo. Ndicho chifukwa china chimene Loweruka munangomva kupserera.

Kumwa koyamba musaweruze nako. Lilime limadzidzimuka, makamaka ngati mwangodya zotsekemera kapena mwangotsuka mano. Kachiwiri imwani pang'ono kwambiri, muusunge m'kamwa kwa kanthawi, mumeze, ndiye mutulutse mpweya m'mphuno pakamwa pali potseka. Mu stout yabwino zinthu zimabwera motsatizana. Patsogolo pamabwera kutsekemera kolemera, kwa shuga wofiirira kapena manyuchi. Kenako zipatso zouma, mphesa zouma ndi maula zimene mumazipeza mu keke ya Khirisimasi. Pambuyo pake khofi ndi koko, mwinanso kautsi. Kuwawa kumabwera kumapeto n'kukhalitsa, ndipo ntchito yake ndi kuchotsa kutsekemera kuja kuti kusakukoleni. Pomaliza penipeni mumamva kufunda kukutsika kukhosi. Ngati kuwawa kukanachotsedwa, mowa wa shuga wochuluka chonchi sukanamweka ngakhale theka la tambula.

Ikani tambula pansi. Chezani, onerani mpira, imbirani foni kumudzi. Mukabwererako patapita mphindi 15 kapena 20 mudzapeza mowa wina m'tambula yomweyo, chifukwa wafunda ndipo mpweya waugwira. Chokoleti chimene sichinkamveka poyamba chimatulukira, ndipo kuwawa kumafewa. Kwa ine, gawo lomaliza la tambula ndi limene limakoma kwambiri, ndipo womwa mothamanga salipeza. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pambali pakhale tambula ya madzi.

Werenganinso chizindikiro cha botolo muone ngati palembedwa kuti mowawo unagona m'migolo ya bourbon (kachasu wa ku America) kapena whisky. Lamulo la ku America limafuna kuti bourbon azisungidwa m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak yowauka mkati, ndiye mgolo ukagwira ntchito kamodzi amaugulitsa. Ambiri amapita ku Scotland kukasunga whisky, ena amagulidwa ndi ofulula mowa. Stout ikagona mmenemo miyezi ingapo imatenga fungo la vanila ndi la kachasu wa eni ake uja, ndipo mtengo umakwera. Ku Scotland, a Harviestoun a ku Alva amasunga mowa wawo wakuda wa Ola Dubh m'migolo ya whisky ya Highland Park. Ngati wanuyo ndi wamtundu umenewu, ndiye kuti kulasa kukhosi kudzakhala kwakukulu, ndipo m'pofunika kumwa pang'onopang'ono kuposa apo.

Munafunsa ngati unawonongeka. Mowa wowonongeka umadziwika mwa njira zina: fungo la viniga, kuwawasa kumene sikunalembedwe pachizindikiro, fungo la katoni yonyowa, kapena kuphulika n'kusefukira mutangotsegula botolo losagwedeza. Kuwawa ndi kupserera si zizindikiro za kuwonongeka. Mowa wa 11% suwonongeka wamba.

Za chakudya. Mpunga wa nkhuku wa pa Khirisimasi musauphatikize ndi mowa uwu, ungoumiza. Nsomba ndiye ayi ndithu. Umafuna chakudya choti chilimbane nawo: nyama ya ng'ombe yophika nthawi yaitali, nyama yootcha yamchere, mtedza wokazinga. Angelezi amaukonda ndi tchizi cha Stilton, chamizere yobiriwira chija, ndipo ngakhale fungo lake limathamangitsa ambiri a ife poyamba, mchere wake umatulutsa kutsekemera kwa mowa modabwitsa. Chosavuta kuyesa ndi kachidutswa ka chokoleti chakuda, kapena mince pie, kachitumbuwa ka zipatso zouma, imodzi mwa zimene zadzaza m'masitolo mwezi uno. Nthawi yake yabwino ndi mutatha kudya, m'mimba muli kanthu. Kumwa 11% m'mimba mopanda kanthu ndi kudziputira.

Tibwere ku za magazi. Chikhulupiriro chimenechi si cha kwathu kokha. Kuyambira 1929 kampani ya Guinness inkalengeza kuti mowa wake ndi wabwino m'thupi, ndipo ku Ireland anthu opereka magazi ankapatsidwa Guinness mpaka 2010. Koma chomwe thupi limafuna popanga magazi ndi iron, ndipo mu pint imodzi ya Guinness muli pafupifupi 0.3mg. Mwamuna wamkulu amafunika 8.7mg patsiku, ndipo mayi wa zaka 19 mpaka 49 amafunika 14.8mg. Werengani nokha ma pint amene angafunike, ndipo muone ngati chiwindi chingapirire. Ndikuganiza kuti chikhulupirirocho chinakhazikika chifukwa mowawo ndi wakuda ndi wolemera, ndiye maso amati muli chakudya. Muli ma calorie ndithu, makamaka mu imperial, koma amenewo amawonjezera mimba. Wochepa magazi adye nyemba, chiwindi, usipa ndi masamba, ndipo apite kwa dokotala akamuyeze. Mayi woyembekezera asapatsidwe stout poganiza kuti ndi mankhwala. Alcohol wa mu stout amavulaza mwana mofanana ndi wa mowa wina uliwonse.

Za kutenthetsa thupi ndiye n'zofunika kusamala kwambiri, chifukwa kumva kufundako n'koona koma tanthauzo lake ndi losiyana. Alcohol amakulitsa timitsempha ta pakhungu, magazi ofunda amathamangira kunja, ndipo khungu limauza mutu kuti kwatentha. Pomwepo kutentha kwa mkati mwa thupi kukutayika mumpweya. Amachepetsanso kunjenjemera, komwe ndi njira imene thupi limadzitenthetsera. M'nyumba yofunda palibe vuto. Koma munthu woledzera amene watuluka mu bala pakati pa usiku, jekete m'manja chifukwa akumva kutentha, n'kukakhala pa siteji ya basi madzi akuundana pansi, ali pangozi yeniyeni. Ife amene sitinakule ndi chisanu chotere sitizindikira msanga kuti thupi lazizira mopitirira. Valani jekete, chipewa ndi magolovesi ngakhale mukumva thukuta.

Palinso nkhani ya ntchito yanu, imene simunafunse koma ndiyenera kuitchula. Thupi limachotsa pafupifupi unit imodzi pa ola. Botolo limodzi ndi maola 4 kapena kuposa. Mukaphatikiza ndi vinyo wa paphwando n'kugona 1 koloko usiku, shifiti ya 7 koloko mmawa ikhoza kukupezani mowa udakali m'magazi, ngakhale mukudzimva bwino. Khofi ndi kusamba madzi ozizira sizifulumizitsa chiwindi. Ku England malire a woyendetsa galimoto ndi 80mg pa 100ml ya magazi, ndipo ku Scotland ndi 50mg kuyambira Disembala 2014. Wopezeka wolakwa amalandidwa laisensi kwa miyezi 12 kapena kuposa, ndipo kwa munthu woyendera odwala m'makomo pa galimoto, ntchito yathera pomwepo. Apolisi amachulukitsa zoyeza m'misewu mwezi uno, mmawa womwe. Sankhani usiku umene mawa lake simukugwira ntchito. Ngati mukumwa mankhwala aliwonse, kapena muli ndi matenda a shuga, funsani kaye ku pharmacy.

Mwina mudzachita zonsezi koma osaukondabe. Palibe cholakwa, ndipo simuyenera kunamizira kukoma pofuna kusangalatsa mnzanu. Kungoti munayambira pamwamba pa makwerero. Pansi pake pali ina yofewa. Guinness ya ku Nigeria ya 7.5% imapezeka m'masitolo a zakudya za ku Africa, ndipo m'masitolo ena akuluakulu iliponso; ndi yotsekemererako ndipo lilime lathu silichedwa kuizolowera. Ku Tadcaster, kufupi ndi Leeds komweko, kuli Samuel Smith, malo ofululira a kuyambira 1758, ndipo Oatmeal Stout yawo ya 5% ndi yosalala, pamene Imperial Stout yawo ndi 7% chabe. Okonda zotsekemera ayese milk stout, imene amathiramo shuga wa mu mkaka wotchedwa lactose. Yisiti satha kumudya shugayo, ndiye amatsala m'mowa. Mackeson ya ku Kent ndi imene inayambitsa mtunduwu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Amene mkaka umawatsegula m'mimba awerenge chizindikiro, chifukwa lactose akuthiridwanso m'ma stout ambiri amakono osalembedwa kuti milk.

Amakono amenewa ndili nawo mawu. Masiku ano mashelefu adzaza ndi zitini zokongola za stout yothira mabisiketi, kokonati, marshmallow ndi zina zotero. Achinyamata akuzikonda, ndipo pakumwa koyamba zimasangalatsa. Koma zambiri n'zotsekemera mopitirira, kuwawa koyenera kuja anakuchotsa, ndipo shuga amabisa alcohol wa 12 kapena 13% moti munthu amazindikira poimirira. Wofuna kudziwa chimene balere wokazinga angachite payekha ayambe ndi stout yopanda zowonjezera.

Ena adzakuuzani kuti muthire botololo mu nyama. Stout yopepuka imakomadi mu nyama ya ng'ombe, ndipo Angelezi ambiri amathira stout mu Christmas pudding. Koma imperial ikawira n'kuphwa, kuwawa kwake kumachuluka mpaka kuononga msuzi wonse. Ngati mwatsimikiza kuti simumwa, thirani masupuni awiri kapena atatu pa ayisikilimu wa vanila, kapena muuike mu keke ya chokoleti.

Mukhozanso kulisunga. Mowa wowala umafuna kumwedwa udakali watsopano, koma stout yamphamvu chonchi imatha kukhala zaka, ngakhale deti la pachizindikiro litadutsa. Pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri, kuwawa kwa hops kumatsika, kulasa kwa alcohol kumafewa, ndipo zipatso zouma zija zimakula. Ikapitirira nthawi imayamba kumveka soy sauce, ndipo ena amakonda zimenezo, ine ayi. Liimikeni chilili, mumdima, pamalo ozizira osasinthasintha, kutali ndi chitofu ndi windo. Mabotolo ena amakhala ndi yisiti wamoyo amene amakhazikika pansi. Potsanula muzisiya kotsiriza kochepa m'botolo. Yisitiyo sapweteka, koma amadetsa kukoma. Yokhayo imene simuyenera kusunga ndi yothira khofi weniweni, kokonati kapena vanila, chifukwa mafungo amenewo amazilala m'miyezi yochepa. Ngati pachizindikiro chanu palembedwa chimodzi mwa izi, itsegulireni pa Chaka Chatsopano pomwepa.